Yunivesite ya pa Lole

Walter Mulepa anali munthu wophunzira, zimenezo panalibe wotsutsa. Kwawo kwa Kawinga, kumene agogo ake anafikira pochokera ku Mozambiki ndi khasu ndi buku la nyimbo basi, iye ndiye anali woyamba kuvala gauni, ndipo anaivala kawiri. Digiri yachiwiriyo, ya zachuma, anaikhetsera thukuta lenileni. Koma ntchito za boma zinkamudutsa ngati minibasi yodzaza, mpaka anakapezeka ku Balaka akuphunzitsa pa Rivirivi International University.

Dzinalo linali lalitali kuposa sukuluyo. Eni ake, a Blasius Chimtengo, kale ankagulitsa malata ndi simenti, ndipo yunivesiteyo inali m'sitolo momwemo, atangoduladula zipinda ndi mabolodi. Mphunzitsi wa zamalonda akakhosomola, ophunzira zaumulungu a chipinda chinacho ankamupepesa. A Blasius ankakhulupirira kuti mphamvu ya yunivesite ili pa geti, choncho anamanga geti la zipilala ziwiri, uku mkango wa simenti, uku buku la simenti. Buku limenelo ndi lokhalo limene linkatha chaka chonse lili pasukulupo.

Mabuku enieni anali osonkherana. A Blasius anali ndi mnzawo wakale wa pamalonda, che Latifu Mdoka a ku Ntaja, amene analemera ndi nandolo. Che Latifu ataona kuti mtengo wa nandolo umagwa pomwe makolo olakalaka digiri sachepa, anasesa m'nyumba yosungiramo matumba n'kulemba pakhoma kuti Chikala Hills University College. Awiriwa anagulira pamodzi mabuku a pakaunjika, makompyuta amene kampani ina inatopa nawo, ndi mafupa a munthu a pulasitiki ophunzitsira zaumoyo. Katunduyu ankayenda pa lole ya che Latifu, miyezi ina ku Balaka, miyezi ina ku Ntaja. Ophunzira ankati mafupawo ndi a mnzawo amene anayamba kulembetsa, ndipo akudikirabe satifiketi yake.

Walter nayenso anali m'gulu la katundu wosonkherana. Kumayambiriro kwa sabata anali mkulu wa nthambi ya zamalonda ku Balaka. Kumapeto kwa sabata anali mkulu wa nthambi ya zaumoyo ku Ntaja, phunziro limene iye ankaliwerenga m'minibasi, buku lili pabondo, dengu la usipa la mnzake lili pamapazi. Mkazi wake Chrissie ankamuchenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa, iye n'kumayankha kuti phanga limodzi la masiku ano limadontha kale. Mumtima ankadziuza kuti akufikitsa maphunziro apamwamba kwa ana a alimi, ndipo masiku ena ankazikhulupirira.

Tsono kunabwera uthenga woti akuluakulu oyendera makoleji akubwera kuchokera ku Lilongwe. Lamulo lawo linali loti sukulu iliyonse ikhale ndi laibulale yakeyake, makompyuta akeake ndi aphunzitsi okhazikika. A Blasius ndi che Latifu sanade nkhawa, chifukwa anamva kuti gulu lina lidzayendera ku Balaka, ndipo gulu lina losiyana nalo lidzapita ku Ntaja sabata yotsatira. Lole idzakhala ndi nthawi yokwanira. Za Walter, che Latifu anali atauza kale a ku Lilongwe kuti mkulu wawo wa zaumoyo ndi Dokotala Sidik, munthu amene sanabadwe. Anati Walter adzangovala kofiya tsikulo, nkhani yatha.

Tsiku la ku Balaka linayenda ngati ukwati. A Blasius anabwereka akulu a mpingo, kuwaveka magauni, n'kuwalangiza kuti aziyenda mofulumira atapanira mafayilo m'khwapa, ndipo wina akawafunsa kanthu anene kuti akuthamangira ku msonkhano. Jenereta inalira kuseri. Makompyuta amene ankayaka anawaika kutsogolo, akufa anawaika kumbuyo atawafunditsa nsalu zoluka ngati wailesi ya pabalaza.

Alendo anali awiri ndi dalaivala wawo. Pulofesa Bizwick Gomani anali bambo wathupi, wokonda tiyi, ndipo anaima nthawi yaitali pageti akusisita mkango. Mtsogoleri wa ulendowo anali Dokotala Monica Phuka, mayi wamng'ono thupi wovala nsapato zafulati, amene anali ndi khalidwe loipa lotsegula mabuku. Anatsegula limodzi, kulinunkhiza, n'kufunsa chifukwa chimene buku la malamulo a misonkho likununkhira nandolo. A Blasius anati ndi mankhwala a chiswe a mtundu watsopano.

Kenaka anamupatsa Walter mwayi woti alankhule m'malo mwa aphunzitsi. Apa ndiye panali pake. Anasisita ndevu zake zosamalidwa bwino n'kufotokoza chimene chimalimbitsa maphunziro apamwamba m'dziko. Anatchula aphunzitsi amene mtima wawo uli pamalo amodzi, kafukufuku wothandiza mlimi wa kumudzi, ndi ophunzira ololedwa kutsutsa mphunzitsi popanda kuopa kulephera mayeso.

"Yunivesite ili ngati mtengo wa mbawa," anatero potsiriza. "Mphamvu yake ili pa mizu yosasuntha."

Akulu a mpingo anaiwala malangizo n'kuvomera kuti ameni. Pulofesa Gomani anaomba m'manja. Walter mwiniyo anamva misozi ikumulengeza m'maso, pakuti zonse zimene ananenazo zinali zoona, kungoti sizinkachitika pamenepo.

Ali pafupi kutsanzika, Dokotala Monica ananena ngati nkhani yaing'ono kuti chifukwa cha kusowa kwa mafuta a galimoto, gulu lina lija silibweranso. Iwo omwewo apitirira ku Ntaja masana omwewo, kuti ulendo ukhale umodzi.

A Blasius anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi. Koma wamalonda ndi wamalonda. Nthawi yomweyo anati n'zosatheka kuti alendo olemekezeka adutse pa Liwonde osalawa chambo cha mu Shire, ndipo iwo awaperekeza okha. Potuluka ananong'oneza Walter kuti kumeneko akauza ophika kuti nsombazo akazigwire kaye m'madzi.

Galimoto ya alendo ndi ya a Blasius zitangokhota, yunivesite inayamba kuzulidwa. Ophunzira anapanga mzere wopatsirana mabuku kuchokera pa mashelefu mpaka pa lole, ntchito imene ankaidziwa bwino kuposa maphunziro awo. Walter anathamangira kwa wometa wa pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kofiya yokha sikanakwanira pamaso pa mayi wonunkhiza mabuku uja, choncho ndevu zimene anazisunga kuyambira ali ku koleji zinagwera pansi, iye akuziyang'ana ngati akuika maliro. Dalaivala wa lole anamubwereka kofiya yake ndi magalasi akuda. Mafupa aja anawapinda n'kuwalowetsa m'thumba la nandolo, koma munthuyo anali wamtali, phazi limodzi linatsalira kunja.

Walter anakwera kumbuyo kuti azigwirira makompyuta m'mabampu. Anadutsa pa Liwonde atagona chafufumimba pakati pa mabuku, kuopa kuti alendo angamuone ali pa chambo chawo. Atayamba kukwera mapiri a ku Machinga anadzuka, kukhala pa katoni, n'kuyamba kuloweza dzina lake latsopano.

Chakutsogolo kunali rodibuloko. Wapolisi wina wachinyamata anafunsa dalaivala chimene wanyamula, ndipo dalaivalayo, munthu wosadziwa kunama, anayankha kuti wanyamula yunivesite. Wapolisiyo anazungulira kumbuyo kuti aione. Chimene anayamba kuona chinali phazi.

M'dera limenelo nkhani ya mafupa a anthu siseketsa. Anthu analira maliro enieni chifukwa cha mafupa, ndipo sanaiwale. Wapolisi uja anaitana anzake, ndipo asanamasule n'komwe thumbalo, amayi ogulitsa mango anali atasiya mabeseni awo, a kabaza atatsamiritsa njinga, ootcha chimanga atasiya chimanga chikupserera. Mutu wa pulasitiki utatulukira, khamu linabwerera m'mbuyo kamodzi, kenaka linasendera pafupi kuposa poyamba.

Anamutsitsa Walter n'kumufunsa dzina. Iye anali atangotha kuliloweza, ndiye linatuluka lokha kuti Sidik. Atamuuza kuti aonetse chiphaso, chiphasocho chinati Walter Mulepa, ndipo pachithunzi panali munthu wandevu. Anamulanda foni, kumuvula nsapato, n'kumukhazika pansi pa mtengo pamodzi ndi dalaivala. Anayesa kufotokoza kuti mafupawo ndi opangidwa ku fakitale, koma bambo wina m'khamumo anati anthu amenewa masiku ano achenjera, amawapaka vanishi. Wina anafunsa ngati pali amene ali ndi petulo. Apolisi anaima mozungulira akaidi awowo, ndipo Walter, amene m'mawa ankalankhula za ufulu wa kuganiza, anapeza kuti m'mutu mwake mwatsala pemphero limodzi lokha, la Chilomwe, limene agogo ake ankanena pa chakudya.

Ndi pamene galimoto yoyera ya alendo inaima pa rodibulokopo. A Blasius anali atabwerera ku Balaka, mtima uli m'malo kuti lole inafika kalekale. Dokotala Monica anatsika, kudutsa pakati pa khamulo ngati akudutsa m'munda wa chimanga, n'kuima patsogolo pa Walter. Anamuyang'ana kuyambira pa kofiya mpaka pa masokosi.

"A Mulepa, ndevu zija mwazisiya kuti?"

Walter anavula magalasi akuda aja. Mayiwo anatembenukira kwa mkulu wa apolisiwo, kuonetsa chiphaso chawo, n'kunena kuti mafupawo akuwadziwa, anagwirana nawo chanza m'mawa womwewo ku Balaka. Ananyamula mkono wake kuti anthu aone mawaya a m'chigongono, kenaka anatembenuza mutuwo n'kuwerenga mokweza dzina la dziko limene unapangidwa. Anaitana bambo wa vanishi uja kuti aulume. Bamboyo anakana, anthu anayamba kuseka, ndipo khamu likaseka ndiye kuti munthu wapulumuka.

Apolisi anamubwezera Walter nsapato, koma anati lole ndi katundu yense zitsala mpaka eni ake abwere ndi umboni woti ndi zawo, poti makompyuta ena anali ndi zidindo za masukulu awiri. Foni anati akaitengera limodzi ndi katunduyo.

"Kwerani, a mizu yosasuntha," anatero Dokotala Monica. "Ndikuona ngati tikulowera kumodzi."

M'galimotomo Pulofesa Gomani anatseka maso, ngati munthu amene chambo chamulemera ndipo sakufuna kuona chimene chingafune kulembedwa. Walter anakhala pambali pawo, kofiya ili pamwendo. Anadikira kukalipiridwa, koma mayiwo anangomufunsa, osacheuka, chimene amaphunzitsa ku Ntaja. Atayankha, anamufunsanso ngati zaumoyozo anaziphunzirapo. Iye anati amawerenga kwambiri. Kenaka, mwina chifukwa cha manyazi, mkwiyo unamubwerera, ndipo anayamba kudziteteza. Anati ana amene amawaphunzitsawo anakhoza bwino mayeso a Fomu 4 koma m'mayunivesite a boma munalibe malo, nanga apite kuti? Anati ngakhale kumene mayiwo amachokera, ophunzira amamvera phunziro ataima pawindo, ndipo aphunzitsi abwino anathawira kunja.

Dokotala Monica anavomera kuti zonsezo n'zoona. Anati n'chifukwa chake ogulitsa simenti amawapeza anawo mosavuta. Ulendo wonse wotsalawo m'galimotomo munkangomveka kupuma kwa Pulofesa.

Ku Ntaja che Latifu anali okonzeka mbali zonse kupatula mbali ya katundu. Anavala mkanjo woyera, ophunzira ataima m'mizere iwiri kuyambira pamsewu, mashelefu atapukutidwa mpaka kuwala, opanda kanthu. Anali atayesa kuimbira dalaivala ndi Walter koma mafoni ankangoitana. Ataona galimoto ya alendo ikufika lole isanaoneke, anawalandira ndi manja awiri. Anafotokoza kuti mwatsoka mabuku ndi makompyuta apita ku Zomba kokapopera mankhwala, ndipo Dokotala Sidik ali m'njira kuchokera ku msonkhano waukulu wa madokotala, afika posachedwa, Mulungu akalola.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka, Walter n'kutsika.

Che Latifu sanaphethire n'komwe. "Aa, Dokotala Sidik. Kani mwakumana kale ndi alendo athu?"

"Takumana kawiri," anayankha Dokotala Monica.

Kuyenderako sikunatenge nthawi, pakuti panalibe choyendera. Mayiwo analowa mu laibulale, kuyang'ana matabwa, n'kutuluka. Pulofesa Gomani anadandaula kuti sukuluyi ilibe geti looneka. Ophunzira, amene anauzidwa kuti aziimba mpaka wina awaletse, anapitiriza kuimba nyimbo yolandira alendo kufikira mawu anawathera okha.

Alendo akupita ku galimoto, mtsikana wina anatuluka pamzere. Dzina lake anali Fauziya, wa chaka chomaliza, mwana wa bambo wogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta. Ndiye ankakhala kutsogolo m'kalasi ya Walter, ndipo kawirikawiri ankafunsa mafunso amene yankho lake linali patsamba limene Walter anali asanafikepo. Sanapite kwa alendo. Anapita kwa mphunzitsi wake, kugwira mpango wake pachibwano, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, inu mukudziwa zonse. Pepala lathuli lidzagwira ntchito?"

Walter anayang'ana nsapato zake, zimene zinali zidakali ndi fumbi la pansi pa mtengo uja. Yankho linali lalifupi ndipo ankalidziwa. Koma che Latifu anali chapafupi, ndipo iye anamva pakamwa pake pakunena kuti nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu, tiyeni tidikire ndondomeko. Fauziya anathokoza mwaulemu n'kubwerera pamzere.

Ndondomekoyo inatuluka patapita miyezi. Sukulu ya ku Ntaja inatsekedwa. Dokotala Monica anafuna kuti ya ku Balaka itsekedwenso, koma Pulofesa Gomani anakumbutsa komiti kuti oyendera amalemba zimene aona pamalo pa nthawi yoyendera, ndipo ku Balaka anaona mabuku, makompyuta ndi aphunzitsi othamangira ku misonkhano. Zimene zinaoneka pamsewu, anatero Pulofesa, ndi nkhani ya apolisi a pamsewu. Komiti inaona kuti mfundoyo ndi yakupsa. Rivirivi International University inalandira chilolezo chake, ndipo a Blasius anachiika m'felemu yagolide.

Ubwenzi wa a Blasius ndi che Latifu unathera pomwepo. Lole inabwezedwa, koma katundu anatsala, chifukwa aliyense mwa awiriwo ankati ndi wake yekha ndipo panalibe amene anali ndi umboni. Motero yunivesite yovomerezeka ya ku Balaka inayamba chaka chatsopano ilibe buku ngakhale limodzi lotsegula. Che Latifu anafufuta dzina pakhoma n'kubwezeramo matumba a nandolo, n'kumauza anthu kuti nandolo safuna satifiketi. Ophunzira awo anauzidwa kuti ali ndi mwayi wosamukira ku Balaka, bola akayambirenso chaka choyamba.

Walter ankayembekeza kuchotsedwa ntchito. M'malo mwake a Blasius, poganizira zambiri zimene munthuyu ankadziwa, anamukweza kukhala wachiwiri kwa Chansala, Chansalayo ali iwo eni. Anamupatsa ofesi yokhala ndi chitseko. Pulofesa Gomani anayamba kubwera Loweruka lililonse ngati mphunzitsi woyendera, ndipo dzina lawo linalembedwa pachikwangwani ndi zilembo zazikulu. Chrissie anasangalala kuti mwamuna wake sakugonanso m'maminibasi, ngakhale anati nkhope yopanda ndevu ija inkamuonetsa ngati munthu wokana mlandu.

Kwa nthawi yaitali Walter akamapita kwawo kwa Kawinga sankatsikira padepoti ya Ntaja. Ankatsikira patali, n'kuuza wa kabaza kuti adzere njira ya kuseri kwa mzikiti. Koma tsiku lina mayi ake anadwala miyendo, ndipo anamutuma kuti awagulire mankhwala opaka pa kasitolo kena ka pamsika. Atalowa, anapeza wogulitsa ndi Fauziya, atavala kagauni koyera. Makasitomala ankamutchula kuti adokotala.

Kuthawa kunali kosatheka. Anapatsana moni. Mtsikanayo anamukulungira mankhwalawo, n'kumufunsa ngati akuphunzitsabe. Walter anayankha motsitsa kuti tsopano ndi wachiwiri kwa Chansala. Anadikira mawu olasa, ndipo mwina akanamupepukira mtima. Koma nkhope ya Fauziya inawala, ndipo anamuyamikira ndi mtima wonse. Anati iye za sukulu anazisiya, bambo ake sakanatha kuyambiranso. Kenaka anasuzumira pakhomo, n'kusendera pafupi.

"Aphunzitsi, ndili ndi mchimwene wanga wamng'ono, dzina lake Latifu ngati bwana aja. Wakhoza bwino kwambiri, koma ku boma sanamutenge. Bambo akuti agulitsa dimba. Poti kwanu kuja ndi kovomerezeka, simungamupezereko malo?"

Panja wa kabaza ankaliza belu kumukumbutsa kuti dzuwa likupita. Walter anayang'ana kathumba ka mankhwala m'manja mwake, anayang'ana mtsikanayo, ndipo anamuuza kuti atenge foni alembe nambala. Anati mnyamatayo aimbe Lolemba, malo akutha msanga.